Anawabera Mawu Bambo Chimkono

Malemu Bambo Lexon Chimkono, amene atisonkhanitsa kuno ku Area 12, anabadwa pa 9 Malichi 1964 ku Nathenje, m'boma lino la Lilongwe. Anali achitatu m'banja la ana asanu ndi awiri. Pulayimale anaphunzira konko, sekondale ku Dedza, ndipo mu 1986 anamaliza maphunziro a utolankhani ku Blantyre.

Mu 1991 anamanga banja ndi Mayi Tusekile Mwalwanda a ku Karonga, omwe ankagwira ntchito m'boma ku Capital Hill.

Atagwira ntchito kunyuzipepala zaka khumi ndi zitatu, mu 1999 analowa ntchito pa wailesi ina ya ku City Centre, imene dzina lake sitiliyika pakamwa pathu lero. Kwa zaka makumi awiri ndi chimodzi, ambiri a inu munkadzuka ndi mawu awo. Nkhani yosatsimikizika sankaiwerenga, ngakhale bwana akalipe chotani.

Mu 2020 akuluakulu a wailesiyo anati anthu masiku ano akumvera nkhani pafoni, ndiye pakufunika nkhope za achinyamata. Kalata yowachotsa ntchito anawapatsira mlonda wa pageti. Malemu sanakhale pansi. Ali ndi zaka 56 anaphunzira kujambula ndi foni, natsegula tsamba lawo pa intaneti m'kachipinda ka pamwamba pa shopu ku Area 1. Galimoto ankaisiya, n'kumayenda wapansi mumsika, kumva madandaulo a amalonda. Amayi a tomato ankawasungira mpando.

Pa 11 Okutobala 2024 pa WhatsApp panayamba kuyenda mawu ojambulidwa. Liwu linali lawo ndithu, likunena kuti amalonda a mu Old Town ndi akuba, mabenchi awo agumulidwe. Malemu sanalankhulepo zimenezo. Munthu anadula mawu m'mapulogalamu awo akale n'kuwalumikiza pa kompyuta. Patangopita masiku awiri, amalonda ena anawagenda ndi tomato wowola pafupi ndi mlatho wa mtsinje wa Lilongwe, akuwakuwiza kuti Yudasi. Anafika pakhomo pano malaya ali psuu, ndipo anauza mayi kuti chawapweteka si kugendedwako, koma kuti amayi a mpando aja anayang'ana kumbali. Anajambula uthenga wotsutsa. Bodza linali litamveka mpaka ku Joni. Choona anachimvera ndi anthu owerengeka.

Kuyambira pamenepo BP yawo sinatsikenso. Pa 20 Januwale chaka chino anagwa m'bafa, mbali imodzi n'kufa, lilime n'kulemera. Ali m'chipatala kunabwera wozonda atanyamula nthochi. Mayi atangotuluka kukatenga mankhwala, anawajambula kukamwa kutapotoka, n'kuponya chithunzicho pa tsamba la pa intaneti limene linayamba kutulutsa mawu abodza aja.

Munthuyo tikumudziwa. Ndi Greenwell, amene malemu anamuphunzitsa kugwira maikolofoni kuwailesi kuja, amene wadyapo patebulo la m'nyumba muno kosawerengeka. Naye anatsegula tsamba lake, ndipo anaona kuti omutsatira achuluka msanga akagwetsa aphunzitsi ake.

Poti pakamwa panali patakanika, mu Meyi malemu analembera mayi ndi dzanja lamanzere kuti: “Musakamuuze kuti ndinamukhululukira. Sindinatero.” Anamwalira Lolemba pa 2 Juni, m'ma 10 koloko m'mawa, ali ndi zaka 61.

Abusa mutikhululukire, koma ife a banja sitiwonjezera pa zimene analembazo. Nkhata imene Greenwell anatumiza dzulo taibweza pageti. Matepi onse akale malemu anawasunga, ndipo mwana wawo Lisa, amene ndi loya, wawapereka kale kukhoti. Amalonda amve kumeneko amene anawapusitsa. Inu mwakweza mafoni kumbuyoko, jambulani bwinobwino pamenepa, zimupeze kumene wabisala. Mukatero mutsitse, bokosi la bambo athu silipita pa tsamba la munthu.

Malemu asiya mayi a kunyumba, ana atatu, Lisa, Wiza ndi Mayankho, zidzukulu zinayi, ndi alongo awo awiri.

Tikuthokoza anamwino amene anawasamalira, a mpingo, amayi a Chigwirizano, achibale ochokera ku Karonga ndi ku Nathenje, adzukulu, komanso amalonda asanu ndi mmodzi amene anabwera m'chipatala kudzagwada malemu akadali ndi moyo. Enanu mwachedwa.

Mzimu wa Bambo Chimkono uuse mumtendere. Mtenderewo tawapemphera iwo okha.