Nzimbe zinayi zinakweza Rudo ndege

Moni abale ndi alongo mwa Ambuye, a pa famu pano, purazi yathuyi, ndi akutali omwe. Ine matenda anga si shuga, ndi pakamwa. Ndine folomani wa mabani a fodya kufupi ndi Trelawney, ndipo kukalipa ndi theka la ntchito yanga. Kulakwa kwake, ndinkapita nako ku bwalo la mpira komwe mwana wanga Rudo amasewera kutsogolo.

Chaka chatha ndinagenda refu ndi gambuti yomwe ndinavula kuphazi. Sindikunyadira, ngakhale chigoli anakanacho chinali chabwinobwino. Ndiye kutamveka kuti kukubwera anthu odzasankha ana opita ku kampu ya mpira ku Ulaya, kochi anandilondola kukomboni. Anati, "Mudhara, anthuwa amaonanso khalidwe la makolo. Mukangotsegula pakamwa Loweruka, Rudo ndege sakwera." Mwana tsiku limenelo sanadye. Mayi ake anati ndidzatsale pakhomo, ine ndinati ndiye mundimange pa mtengo.

Ndinakagwada kuseri kwa bani. Ndinati Ambuye, munatsekapo pakamwa pa mikango, pano pali wina wovala ovolosi.

Loweruka refu anayamba zake zija. Mutu unatentha, dzanja linali litafika kale pa gambuti. Pomwepo Mai Zuze, gogo wa ku Tete amene amagulitsa nzimbe pabwalopo, anandigogoda nayo imodzi m'nthiti. "Baba Rudo, tafunani iyi. Pakamwapo pakhale ndi ntchito." Ndinaisenda ndi mano ngati ndikusenda refuyo. Ikatha ankandipatsa ina osandiyang'ana n'komwe. Zinatha zinayi, liwu osatuluka.

Rudo anasankhidwa, anakakhalako milungu itatu. Wabwera akumenya mpira ndi miyendo yonse iwiri, nthawi akusunga, ndipo madzulo akuphunzitsa atsikana anzake a mukomboni. Masewera akatha amakagwira refu chanza, ngakhale refu wakuba. Akuti kumeneko makolo amangowomba m'manja. Ndinamuyankha kuti mwina marefu akumeneko ali ndi maso.

Ndikuthokoza Mulungu amene anandiyankha kudzera mwa gogo wa nzimbe. Inu amene mukulimbana ndi chanu, musaleke kugwada, ndipo yankho likabwera musalinyoze poona maonekedwe. Dzino langa lakutsogolo linatsalira mu nzimbe yachinayi. Mukandiona ndikuseka ndi mpata kutchalitchi, musandimvere chisoni, umenewo ndiye umboni wanga. Ameni.