Maungu a Padenga ku Balaka

Kale, masiku aja munthu sunkalowa mumsika popanda khadi la chipani, ine ndi agogo anu aakazi tinachoka kwa Mposa n'kukakhala ku Balaka, kumene ndinkasenza matumba pasiteshoni ya sitima. Inu lero mukuona chimanga mpaka m'mphepete mwa misewu ya m'tauni, koma nthawi imeneyo kulima patauni ankati n'chimidzi, ndipo tsiku lopanda ganyu ana ankagona atamwa madzi okha.

Nyumba yathu inali yalendi, yaudzu, kabwalo kake ngati chikhatho. Agogo anuwo anakumba timaenje m'mbali mwa khoma, nabzala nthanga za maungu zimene anabwera nazo atamanga pansonga ya chitenje, n'kumathirira madzi otsukira mbale. Abale inu, mbewu ija itasowa poyanga inakwera khoma, n'kukuta denga lonse kuti bii! Nkhwani tinkathyola titakwera pamtondo, wina agogo anu n'kumakagulitsa kwa apaulendo.

Tsiku lina anatulukira eni nyumba, Che Bwanali, nkhope ili gwaa.

“Amayi, denga langa mwalisandutsa dimba? Udzu uwola uwu. Dulani, apo ayi musamuke!”

“Iyayi Che Bwanali, tapirirani maunguwa akhwime. Ana akudya pomwepa,” anatero agogo anu atagwada.

Anatipatsa mpaka Lachisanu. Koma tamverani! Lachinayi masana kunabwera chimphepo chochokera kumapiri a Machinga, madenga a anzathu n'kumauluka ngati nkhuku zoona kabawi, anthu ali kuthamangitsa udzu wawo m'misewu. Ife tinakumbatira ana kudikira kuti lathu lipite, koma linangogwedera, mbewu ija italimanga zolimba kuposa luzi.

Mphepo itadutsa, Che Bwanali anafika akuthamanga, kofia ili m'manja, poti nyumba zawo zina zonse zinali zitasasuka. Anayang'ana maungu ali ndundundu pamwamba, naseka mpaka kukhala pansi.

“Amayi, nthanga zija zatsalako? Mundibzalire nyumba zonse!”

Chaka chimenecho mzere wathu wonse wa nyumba zalendi unadya maungu, ndipo palibe mwana anagonanso ndi njala. Kanthu n'khama, phwiti anakwatira njiwa. Tsono inu adzukulu, mukadzapita kutauni musadzanyoze kadothi ka kuseri kwa nyumba ati n'kochepa. Mbewu ikasowa pansi, imadziwa yokha njira yakumwamba.