Nyumba imene anatilozera tili mumsewu

Abale ndi alongo a pagulu lino, mtendere wa Ambuye ukupezeni kulikonse kumene muli. Ine si munthu wolembalemba. Sukulu ndinalekezera Sitandade 7, ndipo ndimayendetsa kabaza wa njinga yamoto pasiteji ina ku Ndirande. Koma lero ndati ndilembe, chifukwa nyumba ya amayi anga inatsala pang'ono kudyedwa ndi munthu amene tinkakhala naye benchi limodzi kutchalitchi, ndipo Mulungu anatilanditsa ine ndikuona.

Amayi amagulitsa tomato ndi anyezi pamsika. Chimwalirireni bambo takhala tikuchita lendi m'nyumba ya khoma long'aluka, moti mvula ikabwera ndi mphepo tinkasuntha bedi. Kwa zaka zambiri iwo ankagula zinthu pang'onopang'ono, lero lata limodzi, mwezi wamawa mabuloko, kuti adzamange pa puloti yawo ku Machinjiri. Puloti yake ndi yapamtsetse, m'mbali mwa phiri, ndipo nonse mukudziwa zimene madzi amachita ndi nyumba za m'mapiri mu Blantyre muno. Landilodi atanena kuti nyumba wagulitsa, tizituluka mvula isanagwe, amayi anati nthawi yomanga yakwana.

Kutchalitchi kwathu kunali kutabwera bambo wina amene aliyense ankangoti a Injiniya. Ankayimba mokweza, pogwirana chanza ankagwira ndi manja awiri, ndipo pa dashibodi ya galimoto yawo pankakhala helimeti yoyera. Ine helimeti ndimavala tsiku lililonse, ndimadziwa mmene imaonekera ikamagwira ntchito. Yawoyo inalibe ndi pokalika pomwe. Mtima wanga unakana pomwepo, koma mkulu wa mpingo ndi amene anawabweretsa kwa amayi, n'kunena kuti uyu ndi m'bale, sangakulizeni.

Kuti tikhulupirire, a Injiniya anatikweza galimoto mpaka ku Chilomoni. Anaima mumsewu, injini osazimitsa, n'kuloza nyumba ya malata obiriwira yomangidwa pamtsetse ngati wathu, ili ndi khoma lamiyala lotchinga dothi kumtunda. Anati imeneyo ndi ntchito ya manja awo. Ndinati tiyeni tigogode tikaone m'kati. Anati eni ake sakonda alendo, ndiponso muli agalu olusa. Ndiye ndinafunsa kuti satifiketi yawo yaukontilakitala ili kuti. Amayi ananditsina pantchafu. A Injiniya anangomwetulira pagalasi n'kunena kuti, “Kodi mwana wanga, pakati pa abale timafunsana mapepala?”

Apa ndi pamene ambirife timagwera. Munthu wakunja timamufunsa chilichonse, koma wobwera ndi mkulu wa mpingo tikamufunsa timaoneka ngati tanyoza guwa.

Ntchito inayamba. Ine za zomanga sindidziwa, sindinama, koma maso ndili nawo. Maziko anakumba osafika ndi m'bondo momwe, pamtsetse. Matumba a simenti ankachepa msanga kuposa mmene khoma linkakwerera. Tsiku lina ndinapita masana, ndinakanda pakati pa mabuloko ndi kiyi wa njinga, zonse n'kuyoyoka ngati mchenga wa kumtsinje. Nditawafunsa a Injiniya, anandiyankha pamaso pa anyamata awo kuti za injini ya njinga ndi za nyumba n'zosiyana. Amene mumandidziwa mukudziwa kuti ndine wamtima wapachala. Ndinawagwira pakolala, mabatani n'kuthothoka.

Kuyambira pamenepo nkhani sinalinso ya maziko, inasanduka ya ine. Mkulu wa mpingo anandiitana kuti ndipepese, ndipo ndinapepesa mano ali olumana. Amayi analira, n'kundiletsa kupondanso ku puloti. Anati ndawachititsa manyazi, ndikufuna afere m'nyumba ya lendi. Mawu amenewo anandipweteka kuposa ngozi iliyonse imene ndinachitapo pamsewu. Choopsa n'chakuti amayi ndi a Injiniya anagwirizana zoti Loweruka lotsatira lole idzanyamule malata onse ndi matabwa, zikakhale m'manja mwa a Injiniya. Ndinkadziwa kuti zikapita zapita, ndipo ngakhale nyumbayo ikanatha, amayi akanagona pansi pa khoma loyembekezera mvula yoyamba.

Masiku amenewo ndinkakayikira aliyense. Mkulu wa mpingo ndinkati mwina akudya nawo. Anyamata a pasiteji akamaseka ndinkati akuseka ine. Ndinafika poganiza kuti mwina wopenga ndine, chifukwa mpingo wonse sungalakwe n'kukhoza mnyamata wa kabaza yekha. Ndinapemphera ndili pa njinga, dzuwa likuswa mtengo, helimeti ili kumutu. Ndinati Ambuye, ngati vuto ndi mtima wangawu, uziziritseni. Koma ngati vuto ndi munthu uja, musandionetse ine, ine ndaona kale, aonetseni amayi.

Sabata yomweyo, Loweruka lisanafike, kunabwera mayi wina wachikulire atanyamula nkhuku ziwiri m'basiketi, akufuna ku Chilomoni. Ndinatsala pang'ono kukana chifukwa mafuta anali ochepa, koma ndinawakweza. Ankandilozera njira, khota apa, kwera apo, mpaka anandigwira paphewa kuti ima. Nditakweza maso, ndinaona malata obiriwira ndi khoma lamiyala lija. 

Ndinawafunsa ngati nyumbayo ndi yawo, ndiponso ngati anamanga ndi bambo wa galimoto ya helimeti yoyera padashibodi. Anandiyang'ana kuyambira kumapazi. “Ndiye kuti ndinu amene mumaima pageti panga n'kumalozaloza? Mwezi ndi mwezi galimoto imeneyo imabwera ndi anthu atsopano. Ine ndimayesa akuba akuzonda.” Munthuyo sankamudziwa ndi dzina lomwe.

Nditafotokoza zonse, anandilowetsa kumpanda n'kundikhazika pakhonde. Anandiuza kuti amene anawamangira ndi kontilakitala wolembetsedwa, ndipo asanamupatse ntchito anapita okha ku ofesi imene imalembetsa omanga. Anati munthu umafunsa dzina la kampani ndi nambala yake, n'kukatsimikiza ngati ilikodi, ngati laisensi yake sinathe, komanso ngati amaloledwa kugwira ntchito ya msinkhu umenewo. Anati pulani nayo imayenera kudutsa kukhonsolo. Zonsezi ine ndinali ndisanamvepo. Ndinanyamuka magazi akuwira kuti ndikamupeze Injiniya uja, koma iwo anandigwira mkono. “Ukakamumenya, nkhani ikhalanso ya iwe. Pita ukatenge mayi ako.”

Abale, kubweza mkwiyo tsiku limenelo inali ntchito yolemera kuposa kukankha njinga pachitunda. Ndinafika pamsika n'kugwada pambali pa benchi la tomato, anthu akuona. Sindinatchule a Injiniya. Ndinangoti amayi, ndikupempha mukwere njinga yanga kamodzi kokha. Iwo njinga amaiopa, anali asanakwerepo, koma poona kuti ndikuyankhula motsitsa anamanga chitenje n'kukwera. Ku Chilomoni analowa m'nyumba ija, anamwa tiyi, anasisita khoma ndi dzanja, anadzimvera okha zonse kwa mwini nyumba. M'mawa mwake tinapita limodzi ku ofesi ija. Dzina limene a Injiniya anatipatsa kunalibe.

Amayi anaimitsa lole. Lamulungu titaweruka, anaitana mkulu wa mpingo ndi a Injiniya pansi pa mtengo, ine n'kundiuza kuti ndipinde manja. Sanakalipe. Anangofunsa a Injiniya kuti, “Achimwene, agalu olusa a ku Chilomoni aja ndi angati?”

“Atatu, mayi.”

“Ine ndinapezako mphaka.”

A Injiniya anati akukatenga mapepala m'galimoto. Mpaka lero akutengabe.

Simenti imene inapita sinabwerere, ndipo maziko aja anagumulidwa onse. Kontilakitala amene mayi wa ku Chilomoni anatilozera sindinamukhulupirire chifukwa choti walozedwa. Ndinamufunsa satifiketi, ndinakaitsimikiza ku ofesi, ndinagogoda m'nyumba zimene anati anamanga n'kucheza ndi eni ake. Iye sanakwiye, anachita kundipatsa yekha manambala awo. Anakumba mpaka kupeza nthaka yolimba, anamanga khoma lotchinga dothi ndi ngalande yopatutsa madzi. Zipangizo zinakwana zipinda ziwiri zokha m'malo mwa zinayi, koma malata a amayi anakhomedwa mvula isanagwe.

Ndikuthokoza Mulungu amene anatuma nkhuku ziwiri kuti zinditengere pageti loyenera. Ndikuthokoza mayi aja, amene mpaka pano sindiwalipiritsa akakwera njinga yanga. Mkulu wa mpingo sanandipepese, ndipo ndikuphunzira kumupatsa moni osaumitsa nkhope, mundipempherere.

Inu amene mukuona chinthu chokhota koma palibe akukumverani, musataye mtima, ndipo musaponye chibakera, chifukwa chibakera chimabisa wakuba. Pempherani, kenako kafunseni. Munthu woona mtima saopa kuonetsa satifiketi, ngakhale atakhala m'bale wa benchi limodzi. Akakulozerani nyumba muli mumsewu, tsikani mukagogode.

Mvula yoyamba itagwa ndinathamangira ku Machinjiri mtima uli m'mwamba. Ndinapeza madzi akutsika m'ngalande, amayi ali pakhonde akusankha tomato, bedi lili pamalo pomwe tinaliika. Ulemerero ukhale kwa Mulungu.