Mpopi Wasiya Kudontha

Dayirekita, yemwe timamutchula choncho chifukwa anadzigulira yekha chipewa cholembedwa dzinalo, anatha masabata atatu akujambula filimu yoopsa m'kachipinda kake ka lendi pamwamba penipeni pa nyumba yosanja, ndipo mwini kamera, wojambula maukwati, ananenetsa kuti folo koloko adzaitenga, filimu ithe isathe. Linatsala gawo lomaliza lokha, pomwe munthu wa m'filimuyo amapenga ndi moyo wa m'tauni, ndipo wosewera wake anali mlamu wa Dayirekita, pulambala wofatsa amene sindinamuonepo akudutsa chinthu chowonongeka osaima.

"Alamu, mwalawira," anatero Dayirekita akulowa. Anaima, n'kutseka chitseko, n'kuchitsegulanso. "Chitsekochi chatani?"

"Ndachithira oyilo. Chimalira ngati mphaka wopondedwa mchira."

"Kulirako ndiye filimuyo. Masabata atatu chikulira, lero chikhale chete?"

"Mahinjesi anali atauma."

"Basi, ndidzalira ndekha ndi pakamwa." Dayirekita anaimika kamera, n'kudina batani, kagetsi kofiira n'kuyamba kuphethira. "Yayamba kujambula. Khalani pabedi. Mwezi wachisanu uno simukugona chifukwa mpopi ukungodontha, do, do, do. Gwirani mutu."

Mlamu anakhala pabedi n'kugwira mutu. Onse awiri anatchera khutu. Zii.

"Alamu, mpopi uja?"

"Kanali karabala chabe. Ndinali nako m'thumba."

"Ndinakuuzani kuti mubwere ndi zida?"

"Munati ndibwere mmene ndilili. Ine mmene ndilili ndimakhala ndi sipanala."

"Tamverani. Munthu wa m'filimuyi akupenga chifukwa mpopi sukusiya kudontha."

"Eya, n'chifukwa chake ndamuthandiza. Munthu azivutika ine ndilipo?"

"Munthuyo kulibe. Ndi inuyo."

"Ngati ndi ine, ndiye ndikanaukonza tsiku loyamba. Ndapirira masabata atatu chifukwa mlongo wanu anati ndisakukhumudwitseni."

Dayirekita anavula chipewa, n'kuchivalanso. Wotchi inati hafu pasiti filii.

"Chabwino, mpopi tiusiye. Titseke katani, tiyatse babu lophethira lija, inu muziliyang'ana ngati likukulankhulani."

Anadina switchi. Babu linayaka ngwee, osaphethira n'kamodzi komwe.

"Waya unali womasuka," anatero mlamu. "Mukanapsa nazo m'nyumba muno."

"Inu ndi pulambala. Zamagetsi zakukhudzani bwanji?"

"Ndinakwera pampando kuti ndione paipi, ndiye poti ndinali kale m'mwamba."

"Alamu, kodi mukudziwa kuti filimu yoopsa imayenera kuopsa?"

"Ndikudziwa. Koma anthu adzandiona nkhope. Adzati pulambala uja kwake kumadontha. Adzandiitananso ndani?"

"Adzandiona ndani, adzandiona ndani. Filimuyo ikapanda kutha, palibe adzaone aliyense." Dayirekita anapumira m'mwamba. "Tatsala ndi mawu a kuseri kwa khoma. Wailesi ya aneba ikamang'ung'udza, inu muziganiza kuti mzinda wonse ukukunenani."

"Aa, aneba aja? Ndi mayi abwino zedi."

"Mwawadziwa bwanji?"

"Ndinakagogoda. Makutu awo samva bwino, samadziwa kuti wailesi imafika kuno. Apepesa kwambiri. Akuti zaka zonsezi bwanji osanena."

Dayirekita anatuluka wothamanga. Mlamu anatsala yekha, manja kumbuyo, akuzungulirazungulira ndi diso lake lija la ntchito, mpaka anakaima pafupi ndi kamera. Kukhonde kumamveka Dayirekita akuchonderera kuti wailesi iyatsidwe mokweza, mayiwo akuyankha kuti manyazi awagwira, sadzayatsanso.

Dayirekita anabwerera thukuta lili kamukamu.

"Zonse zapita, koma nkhope ilipo. Nkhope yokhayo imakwana." Apa amanena banga lalikulu la chinyezi la pakhoma, lokhala ndi maso awiri ndi pakamwa popotoka, limene linali m'gawo lililonse la filimuyo. "Sunthani kabatiyo, muyang'anizane nayo."

Mlamu anakhosomola.

"Sunthani, alamu."

Kabati inasuntha. Khoma linali loyera mbee.

"Chinyezi chimayambitsa chifuwa," anatero mlamu motsitsa mawu. "Musagwire, penti sanaume."

Dayirekita anagwira. Anayang'ana dzanja lake, n'kulipaka kumaso osadziwa. Ine chisoni chimandigwira ndikafika apa, ngakhale ndimaseka.

"Zaka zisanu ndi ziwiri," anayamba chonong'ona. "Zaka zisanu ndi ziwiri ndakhala ndikugwadira landilodi kuti akonze mpopi umenewu. Masitepe naintethuu, ndowa kumutu. Pansipa mahutala a magalimoto, pamwambapa malata akuwotcha, kuseriku wailesi. Ndinati poti zakana kukonzeka, bola zindidyetse. Ndiye tsiku limodzi lokha limene ndikuzifuna, zonse zachira?"

"Alamu, khalani pansi."

"Bwerera," anatero Dayirekita, akulankhula ndi khoma, akulikanda ndi zikhadabo. "Ndikudziwa uli m'katimo. Tagona limodzi zaka zonsezi, iwe wekha ndi amene umandimvetsera. Bwerera."

Anagwada pansi, nkhope ili mbuu ndi penti. Anayamba kuseka, kuseka kuja kunasanduka kulira, kenako anayamba kudontha yekha ndi pakamwa, do, do, do, akugwedeza mutu, maso ali tong'o kuyang'ana mpopi wouma.

Mlamu anabwerera m'mbuyo mpaka anagunda bedi.

"Ii, alamu. Ndiye zimene mumafuna kuti ndichite n'zimenezo? Thupi lonse tsemwe. Ine lero sindigona."

Dayirekita anasiya kudontha. Anadzutsa mutu pang'onopang'ono.

"Mwachita mantha?"

"Kwambiri, alamu."

"Mwachita mantha enieni?" Anadzuka, akupukuta misozi ndi chipewa. "Ndiye filimu yatha. Tisintha nkhani. Wopenga ndi ine, inu ndinu mzukwa umene umakonza zinthu mpaka munthu kusowa chodandaula. Palibe anaganizapo zimenezi. Ndinaima pomwe kamera yaloza, yatenga zonse."

Pamasitepe panamveka mapazi a munthu wonenepa akukwera akupumira. Anali wojambula maukwati, folo koloko yeniyeni. Dayirekita anakumbatira mlamu wake, penti n'kumupaka pamalaya.

"Alamu, mwandipulumutsa. Ndimakuonani ngati mdani, chikhalirecho ndinu mngelo."

"Zikomo, alamu," anatero mlamu mwamanyazi, akusisita sipanala yake. "Poti mwakondwa, ndingokuuziranitu. Mutatuluka paja, kagetsi kofiira ka pakamera kamangophethiraphethira ngati babu lija. Ndangodina batani limodzi, kasiyiratu."