Khoma Limene Ndinapala ndi Khasu

Abale ndi alongo, ine ndine Esitere wa ku Chidzolomondo. Ambiri mumandidziwa chifukwa cha makoma a nyumba yanga. Ndinkawapaka dothi lofiira, loyera ndi lakuda, mizere yowongoka ngati yoyeza ndi chingwe. Anthu opita kumsika ankaima n'kumayang'ana. Mumtima ndinkati palibe mkazi wondiposa.

Ndikamukumbukira Esitere wakale ameneyo, mpaka lero ndimapsa mtima.

Chaka china Natali, ndiye kuti Khirisimasi, itayandikira, ndinaswera kumunda. Mwana wanga Rozina, amene ankakhala pakhomo panga ndi mwamuna wake, anati andithandize. Tsiku lonse anajambula maluwa pakhoma. Nditafika ndinangoona kuti duwa limodzi lapendekeka. Ndinatenga khasu n'kupala khoma lonse, anthu akuonerera.

"Mayi, kodi chilipo chimene ndinachitapo chokukondweretsani?" anandifunsa.

"Ukadzachichita ndidzakuuza," ndinayankha.

Sabata isanathe anakwera mota ndi banja lake, ulendo wa ku Furancungo. Ine sindinalire. Ndinapakanso khoma langa.

Kenaka matenda anandigwetsa ndikupalira chimanga. Dzanja lamanja linafa. Ndinakwiyira Mulungu koopsa. Ndinkamufunsa kuti bwanji osatenga mwendo? Kutchalitchi kuno ndinaleka kubwera. Amayi a chigwirizano atabwera kudzandipempherera, ndinawatsekera chitseko.

Mvula inakokolola mizere yanga yonse. Khoma linangokhala mbuu, ine manyazi. Tsiku lina ndinakanya dothi ndi dzanja lamanzere n'kuyesa. Mzere unakhota. Ndinapala. Wachiwiri unakhotanso. Ndinaponya mbale, ndinatukwana mawu oti sindingawatchule muno. Wachitatu ndinalibenso mphamvu zoupala. Ndinakhala pansi n'kumauyang'ana.

Pamenepo ndinazindikira kuti zaka zonsezi sindinkapembedza Mulungu ayi. Ndinkapembedza dzanja langa. Ndipo ndinathamangitsa mwana wanga wobereka ndekha chifukwa cha duwa ladothi. Dothi, abale! Loti mvula imachotsa chaka ndi chaka!

Kuyambira tsikulo, m'mawa uliwonse ndimapaka pang'ono. Ndimaviika zala, ndimapuma, ndimati, "Ambuye, ndichitireni chifundo," ndiye ndimakoka mzere. Ukakhota ndimausiya. Mtima umawirabe, sindinama. Khasu ndinalipereka kwa aneba kuti azindisungira.

Mwezi watha ndinamuimbira telefone Rozina. Ndinati, "Mwananga, ndinakulakwira. Maluwa aja anali okongola." Iye anangoti, "Ndamva, mayi." Basi. Sanabwerebe, ndipo sindingamukakamize. Mundipempherere.

Koma Yesu anandilandira ndili wokhotakhota chonchi, sanandipale. Alemekezeke!

Inu amene kunyumba kwanu ana amakhala chete mukangolowa, musadikire kuti dzanja life. Bwerani kwa Iye lero lomwe.