Kampango Amene Anakwera Basi

Mphezi indipeze pompano ngati ndinamepo ngakhale liwu limodzi! Khalani pansi, ana inu, ndipo iwe Tiwonge tseka kaye bukulo.

Kale, masiku amene munthu sunkalowa mumsika wopanda khadi la chipani, agogo anu aakazi, NyaChirwa, anali ndi pakati poyamba, Chiputula ino ikadali mitengo ndi nkhungu. Ine pofuna kuti mwana adzabadwe wamphamvu ndinatsikira ku Nkhata Bay n'kugula kampango wamkulu chomene, moti m'basi anakhala pampando wakewake, ndipo anyamata a chipani atatiimitsa panjira anamufunsa khadi, iye n'kungowayang'ana, ndevu zili gwedegwede.

Kunyumba ndinapeza apongozi afika ndi kadengu ka usipa. Paja nthawi imeneyo mkamwini ndi apongozi sankayang'anizana, osati lero mumajambulitsa nawo pafoni. Choncho iwo anayankhula ndi chitseko.

"Chitseko iwe, uwauze eni nyumba kuti nsomba yodya zinzake mwana wanga sadya mpaka atachira. Zonse idamezazo zili m'thupi mwakemo."

"Chitseko," ndinatero ine, "uwauze amama kuti usipa ndi ndiwo ya mphaka."

"Yewo. Ndiye mphakayo ndinyamuka naye mawa, akachirire kwathu kunyanja."

Apa ndinagonja, poti mwana wanga woyamba akanabadwira kutali ine osamva kulira kwake. NyaChirwa anadya usipa wake, ine ndinalimbana ndi kampango ndekha mpaka ndevu zinayamba kundimera cham'mbali. Mwanayo anabadwira kwathu konkuno, wonenepa ngati dzungu, ndiye bambo akowa, Tiwonge.

Mawu a akulu akoma akagonera. Lero ukundiwerengera za kusukulu kwanu ku Katoto, kuti m'nsomba mumakhala poizoni wotchedwa mekyule, makamaka mwa zikuluzikulu zodya zinzake, koma mulinso kena, seleniyamu, kamene mwina kamamugwira manja kuti asavulaze munthu. Mwina, akutero ophunzirawo, sanatsimikize. Ine ndikhulupirira kanandilondera, poti ndikadali pano ndikukusowetsani mtendere.

Idyani nsomba, ana inu, n'zabwino, koma wapakati muzimupatsa zing'onozing'ono, ndipo mwana musamusiyire mlonda amene eni ake akuti "mwina".

Aa, zakhadi zija zokha ndapeka ine. Kampango uja sanamufunse. Anangoona ndevuzo n'kumupatsa moni waulemu.