Sopo wa m'bokosi la ku Dedza

M'zaka za m'ma 1980 zija, pamene sopo ankasowa mpaka anthu kumafola pamzere kumasitolo a ku Huruyadzo, ine ndinali ku koleji ya uphunzitsi. Mwezi wa Juni nditabwera kutchuthi kwathu ku komboni ya St Mary's, m'dziko la eni limene bambo anabwera kudzagwirako ntchito, ndinawerama kuti ndikankhire chikwama kunsi kwa bedi la makolo anga, ndipo ndinaona malo oyera angodya zinayi pakati pa fumbi. Bokosi la bambo panalibe. Sindinafunse, poti ine ndinali wamanyazi, ntchito yanga inali kuyang'ana.

Inu ana a lero mumakoka zikwama za matayala, koma bambo anachoka ku Dedza ndi bokosi lamatabwa limene anawakhomera bambo awo, ndipo ankati tsiku lobwerera kumudzi adzalongedza m'menemo. Panalibe woligwira.

Ndinakalipeza kuseri kwa nyumba, litadzaza sopo. Mayi anali atasungunula mafuta a ng'ombe a kubutchala n'kusakaniza ndi soda woyabwa uja, ndipo posowa chothiramo anatenga bokosilo, bambo ali paulendo, pakuti ankagwira ntchito ya m'sitima. M'kati anapakamo mafuta ophikira monga timachitira ndi chitini cha keke. Koma mudziwe, ana inu, soda amasandutsa mafuta amenewonso kukhala sopo, ndiye zonse zinangogwirana ndi thabwa.

"Maiwe, Rute mwanangu, wakana kutuluka!" anatero mayi, mpeni uli m'manja. "Bambo ako afika lero. Tikanganule mbali imodzi, tikhomenso asanabwere."

Matabwawo anali okalamba, ndipo pamene mayi analowetsa nsonga ya mpeni panali patayamba kale kung'aluka. Tisanachite kanthu tinamva chitseko, bambo n'kutulukira, chipewa chili m'manja. Anayang'ana bokosi nthawi yaitali.

"Amake Rute, ndiye kumudzi ndidzapita nditasenza sopo?"

"Kumudzi kwake kuti? Ulendowu munayamba kuunena Rute asanabadwe, lero ndi uyu akuphunzira uphunzitsi. Malaya anu oyerawo ndizichapa ndi chiyani, malovu?"

Bambo anatambasula dzanja, mayi n'kuwapatsa mpeni, ndipo anagwada n'kuulozetsa pamng'alu paja. Apo mpamene ndinalankhula.

"Bambo, taonani pangodya apa. Sopo wayamba kusiyana ndi thabwa, chikhadabo chikulowa. Akamauma amabwerera yekha. Tichotse saka lomwe mayi afunditsali, agone panja pozizira."

Anagwirapo ndi chala, n'kundiyang'ana ngati kuti akundiona koyamba. Kenako ananyamula okha bokosilo n'kukaliika padenga la khola la nkhuku.

Lero muli ndi zikombole zapulasitiki zofewa, mumangopinda sopo n'kugwa. Koma mukadzathira m'thabwa, yambani mwayala pulasitiki, ngakhale ya buledi, kapena pakani mafuta odzola olimba aja, osati ophikira. Ndipo akakana musalimbane naye ndi mpeni, mpatseni nthawi. Chinanso, chinthu cha mwini muzipempha, ngakhale chikhale chafumbi.

M'mawa mwake kunacha ndi chisanu choluma zala. Bambo anayala saka pakhonde, anatembenuzira bokosi pasakapo, n'kugogoda pansi pake pang'onopang'ono ndi chigwiriro cha mpeni. Tinamva kuti phi! Sopo anagwa wathunthu, ndipo pamwamba pake panadindika dzina la mudzi wathu, limene agogo anazokota m'kati mwa bokosimo. Bambo anadula chidutswa cha dzinacho ndi waya.

"Aka n'kanga kosambira, musagawire munthu," anatero.

Atatero analowa m'nyumba, n'kutuluka ndi mapulasitiki a buledi, ndipo anakhala pansi n'kuyamba kuyala m'bokosimo, akukanikiza bwinobwino m'ngodya.

"Amake Rute, mafuta ena atsala?"